Buku limayenda bwanji mu laibulale ya pa yunivesite?

Mwana wa kuno ku Wenya akasankhidwa kupita ku yunivesite ya Mzuzu, makolo amakhala pansi n'kuwerengera. Pafunika fizi, ndalama yoyendera, sopo ndi chakudya. Koma pamndandandapo sipakhala mabuku. Buku limodzi la maphunziro a unamwino kapena a za nkhalango mtengo wake ungadye matumba angapo a chimanga, ndipo wophunzira amafuna mabuku ambiri chaka chilichonse. Nanga amawerenga chiyani? Amawerenga a mu laibulale.

Yunivesite ya Mzuzu, yomwe ambiri amangoti Mzuni, ili ku Luwinga, m'mbali mwa msewu wa M1. Idakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo mu 1997, ndipo ophunzira oyamba adalowa mu 1999. Iliponso ina kuno kumpoto, ya Livingstonia, ya mpingo wa CCAP, yomwe idatsegulidwa mu 2003. Zonsezi zili ndi malaibulale, ndipo kagwiridwe kake ka ntchito n'kofanana.

Tiyeni titsate buku limodzi.

Mphunzitsi amauza a laibulale kuti ophunzira ake akufuna buku lakuti. A laibulale amaona ngati ndalama zilipo, kenaka amaitanitsa. Mabuku ena amabwera ngati mphatso. Buku likafika, amaliika chidindo cha yunivesite kuti aliyense adziwe mwini wake. Akatero amalilemba m'kaundula: dzina la wolemba, mutu wa buku, chaka chomwe lidasindikizidwa, ndi nkhani yomwe likukamba. Kaundulayu ali ngati uja wa a nyakwawa. Munthu amene sadalembedwemo, ngakhale akhale m'mudzi momwemo, thandizo likabwera sapezeka. Buku losalembedwa nalo silipezeka. Kale kaundula ankakhala timakadi m'madirowa. Lero ali pa kompyuta.

Tsopano pamabwera ntchito yofuna mutu. Wogwira ntchito amaliyang'ana bukulo n'kugamula kuti ndi la gulu liti: zaulimi, zaumoyo, mbiri, malamulo, masamu. Gulu lililonse lili ndi zilembo kapena manambala ake. Njira imodzi yodziwika padziko lonse adaiyambitsa Melvil Dewey wa ku America mu 1876. Iye adagawa nzeru zonse m'magulu 10. Mayunivesite ambiri amatsata njira ina, ya Library of Congress, yoyamba ndi zilembo. M'njira imeneyi mabuku a zaulimi amayamba ndi S, a zamankhwala ndi R, a zamaphunziro ndi L. Nambala ya buku amailemba pa kapepala n'kumata kumsana kwake. Kapepala kameneka ndiko kamauza buku pokhala pake pa shelefu.

Motero mwana wanu akafuna kudziwa za matenda a khofi, sayendayenda m'mashelefu onse ayi. Amalemba mawu pa kompyuta, kompyuta imamuonetsa nambala, iye n'kulunjika pa shelefu yake. Akafika, amapezanso mabuku ena a nkhani yomweyo ali pambali pake, ena oti sankawadziwa n'komwe.

N'chifukwa chake buku loikidwa pa shelefu yolakwika limakhala ngati latayika, chonsecho lili m'nyumba momwemo. Alipo ophunzira ena, mayeso akayandikira, amabisa buku pakati pa mabuku a gulu lina kuti aziwerenga okha. Ena amafika pong'amba masamba. Khalidweli ndi loipa kuposa mmene eni ake amaganizira, pakuti wolangika ndi mnzawo amene alibe ndalama yojambulitsira masambawo kwina. Ogwira ntchito amayenda m'mashelefu kuwerenga manambala limodzilimodzi, kubwezeretsa buku lililonse pamalo pake. Ntchito imeneyi palibe amaiyamikira, koma atangoisiya mwezi umodzi, laibulale yonse ingasokonekere.

Pobwereka, wophunzira amaonetsa chitupa chake cha pasukulu. Amamuuza tsiku lobweza, ndipo akachedwa amalipira chindapusa. Mabuku amene kalasi yonse ikuwafuna pomwe alipo awiri kapena atatu amasungidwa pakauntala, ndipo munthu amabwereka kwa maola ochepa chabe. Ena satuluka konse, monga madikishonale. Pakhomo pamakhala woyang'ana kuti buku lisatuluke mozemba.

Sikuti zonse ndi za pepala. Akatswiri akachita kafukufuku, amalemba zomwe apeza m'magazini a zamaphunziro, ndipo ambiri a magaziniwa tsopano amawerengedwa pa intaneti. Ambiri si aulere. Mtengo wake yunivesite imodzi payokha ungaivute. Mu 2003 malaibulale a m'Malawi adapanga bungwe la MALICO kuti azisonkha ndalama n'kulipira pamodzi. Koma magetsi akazima kapena netiweki ikavuta, zonsezi zimaima, buku la pepala n'kukhala lokhalo lothandiza.

Mu laibulale muli chipinda china chimene muyenera kuchidziwa. Chimasunga zolembedwa za Malawi zokhazokha, ndipo amazitcha Malawiana. Muli malipoti a boma, nyuzipepala zakale, mabuku a olemba a kuno kwathu, ndi kafukufuku wa ophunzira amene adamaliza. Wophunzira akabwera kuno ku Chitipa kudzafunsa alimi za mbewu zawo, kapena kudzalemba za zilankhulo zathu monga Chilambya, Chinyika ndi Chitumbuka, zomwe mudamuuza zija zimakathera m'chipinda chotere. Laibulale ya yunivesite ya Malawi ku Zomba ili ndi Malawiana yotchuka kwambiri.

Kufunika kwa chipindachi kudaoneka pa 18 December 2015, pomwe laibulale ya Mzuni idapsa. Mabuku pafupifupi 45,000 adasanduka phulusa, pamodzi ndi makompyuta ndi mipando. Anthu ndi mabungwe a m'dziko muno ndi akunja adatumiza mabuku, ophunzira n'kumawerengera pamalo ongoyembekezera. Buku la masamu likapsa, mumagula lina, chifukwa adasindikiza ambirimbiri. Koma lipoti lakale loti lidalipo limodzi lokha, kapena kafukufuku wotaipidwa pamakina wopanda kope lina, mungakamugule kuti? Ichi ndicho chifukwa chake malaibulale masiku ano amajambula zolembedwa zosowa n'kuzisunga pa makompyuta, makope ena n'kuwaika kutali ndi nyumbayo. Ndipo mdani si moto wokha. Chiswe, njenjete, chinyezi ndi denga lodontha zimadya mabuku mwakachetechete.

Anthu ena amayesa wa laibulale ndi mlonda wa mabuku, wongoletsa phokoso. Si choncho. Ntchitoyi amachita kuiphunzira, ndipo pa Mzuni pomwepo pali maphunziro a digiri ya za malaibulale. Pali mkulu woyendetsa zonse, pali olemba kaundula, osamala makompyuta, osoka mabuku ong'ambika, ndi ophunzitsa ana ongofika kumene kafufuzidwe ka zinthu. Omalizawa ndi ofunika kwambiri kwa mwana wochokera ku sekondale yakumudzi, amene mwina sadaonepo mashelefu ambiri chotere. Ambiri amachita manyazi kufunsa, n'kutha teremu yonse akudalira zolemba za anzawo. Mwana wanu akamanyamuka, muuzeni kuti sabata yoyamba yomweyo akapite pakauntala akafunse kuti amuonetse kapezedwe ka buku.

Zokambirana m'kalasi: Kodi kapepala ka kumsana kwa buku kamagwira ntchito yanji? Ndi zolembedwa ziti za m'mudzi mwanu, kutchalitchi kapena kugulu la alimi, zomwe zilipo kope limodzi lokha? Amasunga ndani, ndipo amazisunga pati?