Mkono wa mwana wanga watupa pomwe anamubaya: kodi ndi TB?

Azakhali,

Bambo a kunyumba kwathu anawapeza ndi chifuwa chachikulu mwezi watha atayezetsa makhololo, ndipo ayamba kumwa mankhwala. Kuchipatala anati tibwere ndi ana. Ndili nawo awiri, mtsikana wa zaka 7 ndi mnyamata wa zaka 2. Onse anawabaya kajakisoni pakhungu la mkono n'kutiuza kuti tibwerenso pakatha masiku atatu. Titabwerera, pamkono pa mtsikana panali patatupa, ndipo anamwino anayeza ndi rula n'kulemba 13 m'buku lake. Akuti akajambulidwe m'chifuwa. Pamkono pa wamng'ono panalibe kanthu, koma iyeyo ndiye apatsidwa mankhwala oti amwe miyezi ingapo.

Apongozi anga akuti mtsikanayu watengera bambo ake. Amupatulira mbale ndi kapu, ndipo amuletsa kusewera ndi mlongo wake. Mwanayo sakutsokomola, akudya bwino, koma akungokhalira kulira. Kodi akudwaladi? Nanga wamng'onoyu, poti sanam'peze ndi kanthu, ndingolakwa ndikasiya kum'patsa mankhwala?

Mayi wa ana awiri,
Bangwe

Mwana wanga,

Ndiyambe ndi funso lanu lomalizalo chifukwa ndi limene landidetsa nkhawa: musasiye kum'patsa mankhwala mnyamatayo. Pa ana anu awiriwa, amene ndikumuopera kwambiri ndi uyo amene mkono wake sunatupe.

Kuyeza kumene anachita kuja amakutcha Mantoux, dzina la dokotala wa ku France amene anayambitsa njirayi zaka zoposa 100 zapitazo. Amabaya kadontho kakang'ono, 0.1 ml, ka madzi otchedwa tuberculin m'kati mwenimweni mwa khungu. Madziwa si katemera, ndipo mulibe tizilombo tamoyo, choncho sangam'patse mwana TB. Ntchito yake ndi kufunsa thupi funso limodzi lokha: kodi unakumanapo ndi tizilombo toyambitsa chifuwa chachikulu? Thupi limene linakumana nato limawazindikira madziwo, asilikali a m'thupi amasonkhana pamalopo, ndipo pakatha maola 48 mpaka 72 pamatuluka kachotupa kolimba. N'chifukwa chake anakuuzani masiku atatu. Anamwino sayang'ana kufiira kwa khungu. Amapapasa kachotupako ndi chala n'kuyeza m'lifupi mwake. Kwa mwana wathanzi, mamilimita 10 kapena kuposerapo ndiye amati thupi layankha. Kwa mwana amene ali ndi kachilombo ka HIV kapena wonyentchera kwambiri, mamilimita 5 okha ndi okwanira, poti thupi lofooka siliyankha mwamphamvu.

Tsono 13 wa mwana wanuyo akunena kuti tizilomboto tiyenera kuti tinalowa m'thupi mwake. Sakunena kuti akudwala. Izi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Bungwe la WHO limati pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse padziko lapansi anatengapo tizilombo ta TB, koma mwa anthu 100 otere, amene amadzadwala pa moyo wawo wonse ndi 5 mpaka 10. Mwa enawo tizilombo timangogona, ngati khala la moto lokwiririka m'phulusa, ndipo munthu wotere satsokomola, saonda, komanso sangapatsire aliyense. Kukula kwa chotupa sikuonetsanso kukula kwa matenda.

Mwina wina akuuzani kuti ndi katemera wa BCG, uja amabaya ana akangobadwa n'kusiya chipsera paphewa. N'zoona kuti katemerayu amatha kutupitsa pamalo poyezapo, makamaka mwa ana aang'ono, koma mphamvu imeneyo imapita ichepa zaka zikamadutsa. Kwa mwana wa zaka 7 amene akugona nyumba imodzi ndi wodwala TB, si nzeru kukankhira zonse kwa katemera. Pitani naye akajambulidwe monga anakuuzirani, musadikire kuti ayambe kutsokomola. Akaona kuti mapapo ali bwino ndipo alibe zizindikiro, naye akhoza kum'patsa mankhwala opewera, opha tizilombo tisanadzuke. Akapeza kuti matenda ayamba, TB imachizika, ndipo mankhwala ake m'zipatala za boma ndi aulere.

Tibwere kwa mnyamatayo. Mkono wosatupa sutsimikizira kuti mwana alibe tizilombo. Munthu akangotenga kumene, thupi limatha milungu iwiri mpaka isanu ndi itatu lisanayambe kuyankha, ndiye mwina anam'yeza nthawi isanakwane. Kunyentchera, HIV ndi chikuku nazonso zimachititsa kuti khungu likhale chete tizilombo tili momwemo. Ndipo ana osafika zaka 5 ndi amene TB imawagwira msanga ndi mwaukali: imatha kufalikira thupi lonse, ngakhale kufika ku ubongo. N'chifukwa chake mwana wa msinkhu umenewu, akakhala m'nyumba ya wodwala TB ya m'mapapo, amam'patsa mankhwala opewera kaya mkono watupa kaya ayi, bola atsimikize kuti sanayambe kudwala. Ena amalandira isoniazid kwa miyezi 6, ena mankhwala a mitundu iwiri kwa miyezi itatu. Achipatala sanasokoneze ana anu. M'patseni mankhwalawo pa tsiku ndi nthawi imene anakuuzani mpaka amalize, ndipo mukaona akusanza kapena maso achita chikasu, bwererani naye mwamsanga.

Za mbale ndi kapu zandiwawa mtima. TB siyenda m'mbale, m'kapu kapena m'zovala. Imayenda mumpweya, wodwala akatsokomola kapena kuyetsemula. Apongozi anu akuchita zimenezi chifukwa cha mantha, akufuna kuteteza mdzukulu wamng'onoyo, ndiye musakangane nawo. Apempheni akuperekezeni tsiku lokajambulitsa mwana, akamve okha kwa anamwino, kapena itanani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu adzacheze nawo. Koma mtsikanayo abwerere pa mbale imodzi ndi mlongo wake lero lomwe, ndipo mumuuze ndi pakamwa panu kuti sanalakwe kalikonse. Pamkonopo pakamayabwa asakande, musamatepo pulasitala kapena kupakapo mankhwala, pamaphwa pokha.

Chimene chingateteze banja lonse ndi chakuti bambo amwe mankhwala awo osadumphitsa mpaka amalize, atseke pakamwa potsokomola, ndipo mazenera azikhala otsekula. Akamamwa bwino, pakatha milungu ingapo sapatsiranso anthu monga poyamba. Ana awiriwa muziwayang'anira: chifuwa chosatha milungu iwiri, kutentha thupi kosalekeza, kutuluka thukuta usiku, kutsika pa sikelo, kufooka kapena mwanabere m'khosi, zonsezi n'zothamangira nazo kuchipatala.

M'kalata yanu simunanene ngati inuyo munayezedwa. Ndinu amene mwakhala pafupi ndi bambo kuposa wina aliyense. Tsiku lokajambulitsa mwanalo, pemphani kuti nanunso akuunikeni, ndipo ngati simunayezetse magazi posachedwapa, yezetsani limodzi ndi ana.

Ndine,
Azakhali