Mutu 14: Relay, Kamthenga ka Magetsi M'galimoto

Dera la Rawdat Al Khail, limene anthu ena amalitchula kuti Al Muntazah, lili mumzinda wa Doha m'dziko la Qatar. M'Chiarabu dzinali likutanthauza msipu wa mahatchi, koma lero m'misewu yake mumadzadza galimoto. M'miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti, dzuwa limaswa mtengo, ndipo masana kutentha kumapitirira madigiri 40. Galimoto ikaima pamzere wautali, injini imadalira fani ya rediyeta kuti isawire. Faniyo imayatsidwa ndi kachipangizo kakang'ono ngati bokosi la machesi, kotchedwa relay. Kachipangizoka kakafa, injini ikhoza kutentha kwambiri mpaka kuwonongeka.

Chiyambi cha dzinali

Kale ku Ulaya, onyamula makalata ankasintha mahatchi panjira. Hatchi yotopa inkatsala, ina yamphamvu n'kupitiriza ulendo. Mawu akuti relay ankanena za kusinthanaku. Kwathu ku Malawi, amtokoma nawonso ankayenda wapansi mitunda italiitali atanyamula makalata. Cha m'ma 1835, katswiri wa sayansi wa ku America, Joseph Henry, anapanga chipangizo choti magetsi ochepa aziyatsa magetsi ambiri. Pambuyo pake chinathandiza kuti mauthenga a pa waya azifika kutali.

Mmene relay imagwirira ntchito

Batire ya galimoto zing'onozing'ono imakhala ya mavoliti 12. Fani, hutala ndi nyali zakutsogolo zimakoka magetsi ambiri. Magetsi onsewo akamadutsa pa switchi yaing'ono imene dalaivala amadina, switchiyo ikhoza kupsa. Choncho switchi imangotumiza magetsi ochepa ku relay.

M'kati mwa relay muli waya wopyapyala wamkuwa wokulungidwa kambirimbiri pa kachitsulo. Wayayu amatchedwa koyilo. Magetsi akalowa mu koyilo, kachitsuloko kamasanduka maginito ndipo kamakoka kamkono kachitsulo. Kamkonoko kakagunda mbali ina, magetsi ambiri amapeza njira yochokera ku batire kupita ku fani kapena ku hutala. Pa nthawiyi mumamveka kaphokoso kakuti "tche". Magetsi akachoka mu koyilo, sipuling'i imabwezera kamkonoko pamalo pake.

Miyendo ya relay ndi manambala ake

Mukaitembenuza relay, muona miyendo yachitsulo, ndipo pambali pa mwendo uliwonse pali nambala. Manambalawa anachokera m'dongosolo la ku Germany lotchedwa DIN 72552. Mmisiri wa ku Doha, wa ku Lilongwe, wa ku Chipata ngakhale wa ku Tete amawawerenga mofanana.

- 85 ndi 86: iyi ndi miyendo ya koyilo. Mwa chizolowezi, 86 imalandira magetsi ochokera ku switchi, pamene 85 imapita ku chitsulo cha thupi la galimoto.
- 30: apa ndi polowera magetsi ambiri ochokera ku batire.
- 87: apa ndi potulukira magetsi relay ikayaka.
- 87a: apa ndi potulukira magetsi relay ikakhala yozima.

Ma relay ena ang'onoang'ono amalembedwa 1, 2, 3, 4 ndi 5 m'malo mwa manambalawa. N'chifukwa chake mmisiri amayamba waona chithunzi chojambulidwa pa chivundikiro cha relay.

Mitundu ya relay

Relay ya miyendo inayi ili ndi 30, 85, 86 ndi 87. Ntchito yake ndi kuyatsa ndi kuzimitsa chinthu basi.

Relay ya miyendo isanu yosinthira ili ndi 87a pakati. Ili ngati mlimi wothirira amene amapatutsa madzi kuchoka mumgula wina kupita mumgula wina. Ikazima, magetsi amadzera ku 87a. Ikayaka, amadzera ku 87.

Palinso relay ina ya miyendo isanu imene ili ndi miyendo iwiri yotulutsa magetsi nthawi imodzi, monga ku nyali ziwiri. Kunja imafanana ndi yosinthira ija ngati mapasa, koma m'kati n'zosiyana. Mukaika ya 87a pamalo pa iyi, nyali imodzi ikhoza kuyaka usiku wonse mpaka batire kutha.

Ma relay ena ali ndi kachipangizo kotchedwa diode, koteteza makompyuta a galimoto. Pa relay yotere, kusinthanitsa mawaya a 85 ndi 86 kumawononga diode ija.

Chenjezo

Pa relay pamalembedwanso mlingo wa magetsi amene ingathe kusenza, monga 30A kapena 40A. Waya wopita ku 30 ayenera kukhala wokhuthala ndiponso wokhala ndi fyuzi pafupi ndi batire. Popanda fyuzi, waya wosupuka akakhudza chitsulo amatentha ndipo galimoto ikhoza kuyaka moto. Ana inu, musagwire mawaya a galimoto muli nokha, ndipo musayandikitse zala ku fani, chifukwa m'galimoto zina imayamba kuzungulira ngakhale injini itazima. Funsani makolo kapena amisiri, poti akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Mafunso

1. Kodi dzina loti Rawdat Al Khail likutanthauza chiyani?
2. N'chifukwa chiyani magetsi a fani sadutsa pa switchi yaing'ono?
3. Tchulani miyendo iwiri ya koyilo.
4. Fotokozani kusiyana kwa 87 ndi 87a.
5. Kodi fyuzi imateteza bwanji galimoto?

Ntchito

M'makope mwanu, jambulani relay ya miyendo inayi, batire, fyuzi, switchi ndi hutala. Lumikizani zonse ndi mizere, ndipo lembani nambala pa mwendo uliwonse. Mukafika kunyumba, fotokozerani makolo anu chithunzicho m'Chichewa.