NTHENDA YOPANDA DZINA

Werengani: Yohane 5:1-9, Marko 2:1-12, 2 Akorinto 12:7-10.

M'midzi yathu ya ku Petauke ndi ku Nyimba muli nyumba zina zokhala zotseka usana wonse. Anthu apita kumunda, koma m'katimo watsala munthu ali gone pamphasa. Dzinja latha analima cimanga ndi nshawa monga anzace; pambuyo pace miyendo inayamba kulemera, nicita dzanzi, ndipo lero sakhoza kufika ngakhale pakhomo. Anamtengera kucipatala pa ngolo, namuyesa mwazi, nampatsa mankhwala, koma dzina la nthenda silinapezeke. Usiku afunsa mumtima mwace, Kodi ndidwalanji? Kodi ndidzaimanso? Phunziro lino liri la munthu ameneyo, ndi la mpingo umene iye alimo.

1. Mau a Mulungu adziwa nthenda zotere

Yohane atiuza za thamanda la Betesda m'Yerusalemu, la makonde asanu, pamene panagona munthu wodwala zaka 38. Taonani kuti mlembiyo anawerenga zaka zace, koma dzina la nthenda sanalichula. Paulonso anali ndi cobvuta m'thupi mwace cimene anaciyerekeza ndi munga, ndipo kufikira lero ophunzira sanabvomerezane kuti cinali ciani. Anapemphera katatu kuti cicoke, koma sicinacoke. Ambuye anampatsa cisomo ca kucisenza.

Tsono mmodzi anacira, wina sanacire, ndipo onse awiri anali okondedwa a Mulungu. Cifukwa cace tisalonjeze wodwala tsiku la kucira kwace, pakuti sitilidziwa. Ndiponso tisamuuze kuti wacimwa. Pa Yohane 9 ophunzira anafuna kupeza wocimwa pa kubadwa kwa wakhungu uja, koma Yesu anakana maganizo amenewo.

2. Nthenda yosadziwika si umboni wa ufiti

Dotolo akalephera kuchula nthenda, a pabanja afulumira kunena kuti, Izi nza anthu. Agulitsa ng'ombe napita kukaombeza, ndipo abwerako ndi dzina la nkhalamba yina ya m'mudzi. Pamenepo ng'ombe yapita, cibale catha, koma wodwala ali cigonere.

Zofoola miyendo ziri zambiri. Cifuwa cacikuru nthawi zina cilowa m'mafupa a msana, nicipsinja mitsempha yopita kumiyendo. Nthenda ya shuga, khate, kacirombo ka HIV, ndi kuperewera kwa zakudya zina m'thupi, zicititsa dzanzi m'mapazi. Sitoroko ipha ziwalo za mbali imodzi. Kucigwa ca Luangwa kuli nchenche za kashembe zopatsa nthenda ya kaodzera. Zina mwa izi sizioneka msanga, ndipo zifuna makina ndi madotolo odziwa za ubongo ndi mitsempha. Dziko la Zambia linayamba kuphunzitsa madotolo ace a nchito imeneyi m'caka ca 2018, ku University Teaching Hospital ku Lusaka, ndipo oyamba anatsiriza m'caka ca 2020. Potero tisazizwe ngati kacipatala ka kumudzi sikapeza dzina la nthenda paulendo woyamba.

Musaleme ndi ulendo umodzi. Bwererani pa tsiku limene anakuuzani. Sungani mapepala onse a kucipatala pouma, nimupite nao nthawi zonse. Fotokozani ciyambi ca nthenda osabisa kanthu, ngakhale mankhwala a kumudzi amene wodwala anamwa. Ngati palibe kusintha, pemphani mwaulemu kalata yopita nayo ku cipatala cokulirapo. Tiri ndi zipatala za Nyimba, Minga ndi Nyanje, ca Kalindawalo ku Petauke, ndi ca St Francis ku Katete cimene cinayambika m'caka ca 1948. Dziwani kuti ambiri amene cifuwa cacikuru ca msana cinawagoneka anayendanso atamwa mankhwala miyezi yambiri osadumpha. Koma miyendo yonse iwiri ikafa mwadzidzidzi, kapena mkodzo ukaleka kuturuka, musadikire mawa. Pitani tsiku lomwelo.

3. Ciyembekezo ciri ndi nchito yace

Mlimi woyembekeza mvula sakhala pansi. Asosa munda nasunga mbeu. Momwemonso woyembekeza kucira asunge thupi lace, kuti tsiku la kuima likadza, miyendo ikhale yokonzeka. Wosakhoza kudzitembenuza mumtembenuze pakupita maora awiri ali onse, cifukwa kugonera mbali imodzi kubala zironda pa matako, m'ciuno ndi pa zidendene. Pogona pace pakhale pouma ndi pofewa. Tsiku ndi tsiku mupinde ndi kuongola maondo ndi akakolo ace pang'ono pang'ono, kuti angaume. Amwe madzi okwanira. Musammane poopa nchito ya kumcotsa.

Ndiponso musambise m'nyumba. Mefiboseti anapunduka mapazi ali wa zaka zisanu, koma Davide anamkhazika pa gome la mfumu. Muturutse wodwala wanu aothe dzuwa, adye pamodzi ndi banja, amve nkhani za m'mudzi. Ngati manja ali ndi mphamvu, atongole cimanga, asende nshawa, aluke mphasa, aphunzitse ana mapemphero. Munthu amene afunsidwa nzeru sadziyesa mtolo.

4. Mpingo ukhale miyendo yace

Yesu atafunsa munthu wa pa Betesda, iye sanadandaule za dzina la nthenda. Dandaulo lace linali lakuti analibe womtsitsira m'madzi. Koma wa ku Kapernao anali ndi anzace anai, amene anamnyamula, nasasula tsindwi, namfikitsa pamaso pa Yesu. Ndipo Marko anena kuti Ambuye anaona cikhulupiriro cao. Pamene wodwala walema kukhulupira, abale amkhulupirire.

Akuru anati, Mutu umodzi susenza denga. Makolo athu ananyamula odwala ao pa macila, mosinthana mapewa, ulendo wa masiku. Ife tiri ndi ngolo, njinga ndi mabasi a mu Great East Road. Cotisowa kawiri kawiri ndico cipiriro. Sabata yoyamba nyumba ya wodwala idzala ndi alendo, koma pofika mwezi wacisanu ndi cimodzi watsala mkazi wace yekha, kapena mwana wamkazi amene waleka sukulu. Akuru a mpingo alembe maina a ogona m'nyumba, nawayendere ndi Mau ndi Mgonero. Amai a Cigwirizano agawane masiku, kuti wodwazika apumeko. Anyamata alime munda wace, ndipo mpingo usonkhe ya ulendo wa kucipatala.

Ndipo inu amene mugona pamphasa, musaope kupempha kucira tsiku ndi tsiku. Nthenda yanu iribe dzina kwa madotolo, koma inu muli nalo dzina kwa Mulungu, lomwe lija munaitanidwa nalo pa ubatizo.

Mafunso

1. Ndani m'dera lanu amene sanafike ku calici miyezi itatu cifukwa ca matenda?
2. Ndani anamcezera sabata yatha?
3. Mudzayankha bwanji mbale wofuna kukaombeza?

Pemphero

Atate wathu wa Kumwamba, Inu mudziwa zobisika za m'thupi mwathu. Patsani madotolo nzeru, odwazika mphamvu, ndi odwala cipiriro. Ciritsani abale athu monga mwa cifuniro canu, ndipo mutipange ife kukhala owanyamula osalema. M'dzina la Yesu Kristu, Amen.