Kodi ndi chibadwa chawo, kapena ndi zimene anaona ali mwana?

FUNSO

Akonzi,

Ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala ku Nyimba. Bambo a kunyumba kwanga anabadwira ku Tete, anathawa nkhondo ali mwana n'kukulira kumsasa wa othawa nkhondo wa Ukwimi. Anzawo atabwerera kwawo, iwo anatsalira kwa amalume awo ku Petauke. Ndi olimbikira ntchito ndipo sanandimenyepo, koma ali ndi mtima wapachala. Mbale ikagwa amadzidzimuka n'kukalipira nyumba yonse, kenako amangoti duu mpaka mawa. Sakhulupirira munthu, ngakhale ine. Pamaliro amakhala patali, misozi osatuluka. Akamwa amati, "Ine sindine munthu." Mlongo wanga nayenso anasintha atapulumuka ngozi ya basi kumapiri a Kacholola. Amalota ngoziyo, basi sakweranso, koma iye timacheza naye bwinobwino. Ankhoswe akuti amuna angawa ndi chibadwa chawo, ndipirire. Ena akuti ndi mashawe. Kodi munthu wotere angasinthe?

Mayi wa ku Nyimba

YANKHO

Amayi, angasinthe. Wonena dzina la matenda ndi dokotala amene wawaona maso ndi maso, koma kalata yanu yajambula bwino mavuto awiri apachibale amene azaumoyo amawasiyanitsa.

Tiyambe ndi mlongo wanu, poti zake n'zosavuta kufotokoza. Zimene mwalembazo zikufanana ndi PTSD, vuto la maganizo lobwera munthu akaona zoopsa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limayang'ana zinthu zitatu. Zoopsazo zimabwereranso m'maloto kapena masana ngati zikuchitika pompano. Munthu amapewa chilichonse chomukumbutsa. Thupi limakhala tcheru nthawi zonse, kaphokoso pang'ono wadzidzimuka. Ngozi inali ya tsiku limodzi ndipo inamupeza ali wamkulu kale, wodziwa kuti iye ndani, ali ndi abale amene amawadalira. N'chifukwa chake bala lake lili ndi malire: msewu ndi tulo. Kucheza sikunawonongeke.

Za amuna anu n'zozama. Nkhondo ya ku Mozambique ya Frelimo ndi Renamo inatenga zaka kuyambira 1977 mpaka pangano la ku Rome la pa 4 Okutobala 1992. Ukwimi inatsegulidwa mu 1987 ndipo inasunga anthu oposa 20,000 ochokera ku Mozambique, ambiri n'kubwerera kwawo mu 1994. Mwana amene anafika kumeneko sanaone choopsa chimodzi. Anagona kutchire, anaona midzi ikupsa, anaphunzira kuti kulira kungaitane asilikali, kuti munthu wamkulu akhoza kukupereka. Zimenezi zinamupeza msinkhu umene munthu amaumbika, ndipo panalibe kothawira. Mu 1992 dokotala wa ku America, Judith Herman, analemba kuti anthu ozunzika nthawi yaitali chonchi, monga akaidi, ana ochitidwa nkhanza ndi amayi omenyedwa zaka zambiri m'banja, vuto lawo limaposa PTSD wamba. WHO inavomereza zimenezi m'buku lake la mayina a matenda la ICD-11, lomwe linayamba kugwira ntchito mu Januwale 2022, n'kulitcha complex PTSD.

Pamwamba pa zizindikiro zitatu zija pamaonjezeka zina zitatu, ndipo zonse mwazitchula nokha musakudziwa. Mtima sugwirika: mwina ukali wadzaoneni, mwina kuuma gwaa osamva kanthu, ngati pamaliro paja. Munthu amadziona wachabechabe, wodzala manyazi, wodziimba mlandu kuti bwanji iye anapulumuka ena atafa. Ndiye "sindine munthu" uja. Chachitatu, kuyandikana ndi anthu kumamuvuta, ngakhale amene amawakonda.

Tsono mukaona zitatuzi mumvetsa chifukwa chake ankhoswe akuti ndi chibadwa. Zimaoneka ngati khalidwe chifukwa zimakhala tsiku ndi tsiku, zaka makumi, ndipo palibe kwanuko amene anawadziwa bambowa nkhondo isanawakhudze. Ngakhale madokotala, m'buku lakale la ICD-10, ankalitcha vutoli kusintha kokhalitsa kwa khalidwe la munthu pambuyo pa tsoka lalikulu. Sindikuwatsutsa kotheratu ankhoswewo. Chibadwa chili ndi gawo lake: ofufuza apeza kuti anthu amene mwachibadwa sachedwa kuda nkhawa ndi amene PTSD imawagwira kawirikawiri. WHO imati anthu pafupifupi 70 pa 100 alionse amakumana ndi choopsa china pamoyo wawo, koma odwala PTSD mwa iwo safika 6 pa 100. Ana awiri othawa limodzi angakule mosiyana. Pomwe ndikusiyana nawo ankhoswe ndi pa mawu oti "pirirani", ngati kuti nkhani yathera pomwepo. Kusakhulupirira anthu, kugona khutu lili panja, kubisa misozi, zonsezi mwana uja anachita kuphunzira, ndipo zinamupulumutsa. Lero zili ngati mlonda amene sanauzidwe kuti kwacha, akadali ndi chibonga m'manja anthu akupita kumunda. Chophunziridwa chimatheka kuchisintha. Ndipo kulimbikira ntchito kuja, ndi dzanja limene silinakumenyeni, nazonso ndi khalidwe lawo. Musaziiwale powerengera.

Umboni woti thandizo limagwira ntchito uli m'dziko mwathu momwemuno. Ku Lusaka, gulu lotsogozedwa ndi Laura Murray linayesa uphungu wotchedwa TF-CBT pa ana 257 amene anaona zoopsa. Zotsatira zinatuluka mu 2015: zizindikiro zinatsika ndi pafupifupi 82 peresenti mwa olandira uphunguwo, pomwe mwa amene sanaulandire zinatsika ndi 21 peresenti. Aphunguwo sanali madokotala, anali anthu wamba ophunzitsidwa bwino. Amenewo anali ana, zoona. Kwa munthu wamkulu amene wasenza katunduyu zaka zoposa 30 ntchito imatenga nthawi, ndipo kawirikawiri mphungu amayamba ndi kumuphunzitsa kukhazika mtima pansi ndi kugona, asanafike pofukula za kunkhondo. Inu musawakakamize kufotokoza zimene anaona. Akayamba okha, mvetserani, osadula mawu, osati "iwalani, zinapita".

Za mashawe sindinyoza. Ku Gorongosa, wofufuza wa ku Mozambique Victor Igreja analemba za mizimu ya magamba, ya asilikali ofa pankhondo, ndi momwe miyambo yake inapatsira mabanja mpata wokamba zimene ankaopa kutchula. Mapemphero kapena mwambo wa makolo zikawapatsa mtendere, palibe choipa. Koma kumene ayamba kuloza munthu ufiti, kulamula mbuzi ndi ndalama zosatha, kapena kuletsa chipatala, chokaniko.

Poyambira ndi pachipatala cha boma cha Nyimba kapena Kalindawalo General Hospital ku Petauke. Nenani kuti mukufuna woona za matenda a maganizo. Pakafunika adzakutumizani ku Chipata Central Hospital. Ndikudziwa kuti bambo akamva zimenezi aganiza za chipatala cha matenda a maganizo cha Chainama n'kunena kuti mukuwayesa amisala. Musayambe ndi dzina la matenda. Yambani ndi tulo ndi kudzidzimuka, zimene iwonso zimawatopetsa, ndipo muwalankhule pa tsiku limene sanamwe mowa. Mwina mlongo wanu atayamba ndiye kupita, mlamu wake angaone kuti kulibe chochititsa manyazi. Mankhwala ena ochepetsa nkhawa amathandiza akalembedwa ndi dokotala, koma mapiritsi ogonetsa monga diazepam ogula mwamseri sachiza vutoli ndipo amazolowereka. Kachasu naye amagonetsa msanga, kenako tulo timadukaduka, ukali n'kukula.

Ana auzeni kuti kukalipa kwa atate awo si mlandu wawo. Bambo akazizira mtima, auzeni poyera kuti anawo akuchita mantha. Kumvetsa kumene ukali ukuchokera sikutanthauza kulola chilichonse: tsiku limene dzanja lidzakwera, pitani ku Victim Support Unit kupolisi kapena imbani 933, nambala yaulere ya Lifeline Zambia.

Chinthu chimodzi chisadikire. Mawu oti "sindine munthu" musawatenge ngati a mowa chabe. Afunseni mosazungulira ngati amaganizapo zodzipha. Kufunsa sikuika maganizowo m'mutu mwa munthu. Akati inde, chotsani m'nyumba mankhwala a thonje ndi a mbewu, itanani wachibale amene amamumvera, ndipo mupite nawo kuchipatala tsiku lomwelo.