Makalata a Omvera: Mkangano wa Minda ndi Magetsi a Dzuwa ku England

Pulogalamu ino yalandira kalata kuchokera kwa womvera wina wokhala ku Cambridge, amene akufunsa chimene chikuchititsa anthu a kumidzi kukana ntchito ya Sunnica pamene magetsi a dzuwa saipitsa mpweya. Sunnica ndi dzina la ntchito yoyala mapanelo, zomwe ndi zipangizo zosandutsa kuwala kwa dzuwa kukhala magetsi, pamalo okwana maekala pafupifupi 2,500 m'malire a zigawo za Cambridgeshire ndi Suffolk, ndipo cholinga chake ndi kupanga mamegawati 500, pomwe megawati imodzi ndi mawati 1,000,000.

Anthu otsutsa, amene anakhazikitsa gulu lotchedwa Say No to Sunnica, amanena kuti malowo ndi minda yachonde yobereka mbatatesi ndi anyezi, kuti maonekedwe a midzi yawo adzasinthiratu kwa zaka zambiri, komanso kuti mabatire akuluakulu osungiramo magetsi angathe kuyaka moto pafupi ndi nyumba zawo. Makhonsolo a m'deralo anagwirizana nawo, ndipo akatswiri amene boma linawatuma kuti aunike ntchitoyo analangiza kuti isavomerezedwe, koma mu 2024 nduna yoona za mphamvu zamagetsi, a Ed Miliband, anailoleza ponena kuti kufunika kwa magetsi osaipitsa mpweya kukuposa zovutazo.

Choncho womverayo adziwe kuti gwero la mkanganowu ndi kusankha malo komanso mphamvu zimene nduna ili nazo pa ntchito zikuluzikulu, chifukwa malamulo a dzikolo amapereka chigamulo chomaliza kwa boma ngakhale eni dera atakana. Omvera ena amene ali ndi maganizo pa nkhaniyi akupemphedwa kuti alembere pulogalamu ino.