Chaka cha malonda anu chili ndi masiku angati?



Tiyerekeze kuti mayi wina wa kuno ku Geisha amapikula zovala kumsika wa Taifa n'kumagulitsa. Mwana wake wa Fomu 3 walemba malonda onse mu Excel, ndipo waika fomula yophatikiza ndalama za mwezi uliwonse n'kuziyerekeza ndi za mwezi womwewo chaka chatha. Pa Malichi 2025 fomula ikuonetsa kuti malonda akwera kwambiri, pa Epulo 2025 ikuonetsa kuti agwa. Mayi ayamba kuda nkhawa kuti makasitomala athawa.

Fomula sinalakwitse kuphatikiza, ndipo makasitomala sanathawe. Chasuntha ndi Idi. Mu 2024 Idi yomasulira Ramadhan inali cha pa 10 Epulo, choncho anthu ambiri anagula zovala kumayambiriro kwa Epulo. Mu 2025 inafika kumapeto kwenikweni kwa Malichi, ndipo kugula konse kunachitika m'Malichi. Chaka cha Hijri chili ndi masiku 354 kapena 355, pomwe cha boma chili ndi 365 kapena 366. Motero Ramadhan imafulumira ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse. Kompyuta ikauzidwa kubwerera miyezi 12, imatsata kalendala ya boma basi.

Njira yake ndi iyi: tiyerekeze nyengo ndi nyengo inzake. Titenge masiku 30 ofika pa Idi ya 2025, tiwaike pambali pa masiku 30 ofika pa Idi ya 2024. Apo m'pamene tidziwe ngati geni yakula kapena yabwerera m'mbuyo, tisanatenge ngongole yowonjezera katundu kapena kutsitsa mitengo pachabe.

Nkhaniyi ikukhudzanso Zakaat. Chuma chikafika pa nisaab, timadikira chaka cha mwezi, osati cha boma, kenako timapereka 2.5 peresenti. Wamalonda amene amatseka mabuku pa 31 Disembala n'kupereka 2.5 peresenti yomweyo amachedwa ndi masiku 11 chaka chilichonse. Pakatha zaka pafupifupi 33, amakhala atadumpha Zakaat ya chaka chathunthu, lomwe ndi gawo la osauka. N'chifukwa chake akatswiri a zachuma cha Chisilamu amati wotsata kalendala ya boma apereke pafupifupi 2.577 peresenti. Pa K1,000,000, m'malo mwa K25,000 apereke pafupifupi K25,770.

Ana athu, sabata ino funsani makolo anu tsiku la Hijri limene amawerengera Zakaat yawo, mulilembe pachikuto cha buku la malonda. A komiti, poyerekeza zopereka za pamzikiti, tiziika Ramadhan pambali pa Ramadhan inzake, osati Epulo pa Epulo.

Allah adalitse malonda athu ndipo atilandire zopereka zathu. Ameen.