Kusankha Makina Otenthetsera Nyumba Yopangidwa ku Fakitale



Phunziro la ulendo uno likutitengera ku Britain, komwe kuli abale athu m'mizinda ngati Leicester ndi Manchester. Kuzizira kwa kumeneko mu Januwale sikungafanane ndi kwa ku Dedza mu Juni. Nyumba yopanda chotenthetsera munthu sangakhalemo. Ambiri amatenthetsa nyumba ndi gasi, koma boma likuwakokera ku makina a magetsi otchedwa heat pump. Kuyambira mu Okutobala 2023, ku England ndi Wales boma limathandiza ndi mapaundi 7,500 pa makina otere, ndipo munthu wodzimangira yekha nyumba yatsopano akhoza kupempha nawo thandizoli.

Makinawa sapanga kutentha, amangokusamutsa. Gwirani kumbuyo kwa firiji, mumva kufunda: kumeneko ndi kutentha komwe kwachotsedwa m'kati. Heat pump imachita zomwezo, koma imatola kutentha panja n'kukulowetsa m'nyumba. M'mapaipi ake muli mankhwala amene amasanduka mpweya ngakhale kunja kukuzizira. Mpweyawo ukapanikizidwa umatentha kwambiri, monga mmene pampu ya njinga imatenthera mukamapopa, ndipo umatenthetsa madzi amene amazungulira m'nyumba. Nzeru imeneyi si yatsopano. William Thomson adaifotokoza mu 1852. Phindu lake ndi lakuti yunitsi imodzi ya magetsi imatha kubweretsa mayunitsi atatu kapena anayi a kutentha.

Tsono nyumba yopangidwa ku fakitale ili ndi khalidwe lake. Makoma ndi denga zimabwera pa lole zitapangidwa kale, n'kulumikizidwa m'masiku ochepa. M'kati mwa makoma amaikamo zinthu zotchinga kuti kutentha kusathawe, choncho nyumbayo imafuna kutentha kochepa poyerekeza ndi nyumba yakale ya njerwa. Apa ndi pamene anthu amalakwitsa. Amati, "Tigule makina aakulu, tisadzavutike." Makina opitirira msinkhu wa nyumba amayaka n'kuzima, kuyaka n'kuzima, mwakuti amadya magetsi ambiri ndi kutha msanga. Ocheperanso amalephera pa tsiku lozizira kwambiri. Choyamba ndi kupempha katswiri kuti awerengere kutentha komwe chipinda chilichonse chimataya, ndipo makina asankhidwe potsatira chiwerengero chimenecho, osati potsatira pakamwa pa wogulitsa.

Kuwerengeraku kuchitike fakitale isanayambe kudula matabwa. Chifukwa chake nachi. Heat pump imasunga magetsi ikamatenthetsa madzi pang'ono chabe, kufika madigiri 35 kapena 40. Madzi ofunda chonchi amatenthetsa bwino nyumba ngati akuyenda m'mapaipi oyalidwa pansi pa chipinda chonse. Koma ngati mwaika tizitsulo tating'ono ta pakhoma, totchedwa radiator, madzi ayenera kufika madigiri 55, ndipo phindu lija limatsika. Mapaipi a pansi, malo a thanki ya madzi osamba ndi mabowo odutsa mapaipi pakhoma ziyenera kuoneka pa pulani. Nyumba ikaima, kusintha n'kodula.

Za mtundu wa makina sindichulutsa. Otola kutentha mu mpweya ndi otsikirako mtengo, ndipo ndi bokosi lokhala ndi fani loikidwa panja. Lisayandikire zenera la chipinda chogona, lanu kapena la oyandikana nawo nyumba, chifukwa limalira usiku. Otola kutentha m'nthaka amagwira ntchito mosasinthasintha, poti pansi pa nthaka ku Britain pamakhala pafupifupi madigiri 10 chaka chonse, koma amafuna kukumba ngalande zazitali kapena kuboola ngati mjigo. Kwa ine, nyumba yaing'ono yotchingidwa bwino singabweze msanga ndalama zokumbirazo. Banja lalikulu liganizire kwambiri za kukula kwa thanki, chifukwa m'nyumba yotere madzi osamba amatenga gawo lalikulu la magetsi.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Ku Britain yunitsi ya magetsi imadula pafupifupi kanayi kuposa ya gasi. Tiyerekeze kuti nyumba ikufuna mayunitsi 8,000 a kutentha pa chaka. Makina osankhidwa bwino, opereka anayi pa yunitsi imodzi, adya mayunitsi 2,000 a magetsi. Osankhidwa molakwika, opereka awiri ndi theka, adya 3,200. Nanga gasi? Poti gawo lina la kutentha kwake limathawa ndi utsi, pafunika mayunitsi pafupifupi 8,900, omwe mtengo wake ndi wofanana ndi mayunitsi pafupifupi 2,200 a magetsi. Mwaona? Banja loyamba likulipira zochepa kuposa wogwiritsa ntchito gasi, pamene lachiwiri likulipira zambiri chaka ndi chaka, chonsecho onse adagula heat pump.

Ophunzira a Fomu 3 ndi 4, nayi ntchito yanu: ngati makina akupereka mayunitsi atatu pa yunitsi imodzi, nyumba yomweyi idya magetsi angati, ndipo mwini wake wapindula kapena waluza poyerekeza ndi gasi? Mubweretse mayankho Lolemba, muonetse mmene mwawerengera.